Werengani timizere ta mchenga musanatchere paipi mumtsinje

Alimi ambiri a mthirira amasankha potungira madzi poyang'ana madziwo basi. Ine ndimati yang'ananinso pansi. Madzi akaphwera, mchenga umatsala ndi timizere tonga makwinya, ndipo timizere timeneti timanena kumene madzi amalowera komanso mphamvu imene anali nayo.

Khalani chonjuta, muike chikhatho pa kamzere kamodzi. Ngati mbali ina ndi yotsetsereka pang'onopang'ono pomwe inayo ndi yaphompho, madzi amachokera kotsetserekako kulowera kwaphomphoko. Madzi amakankha timchenga kukwera nato mpaka pansonga, kenako timagwera kutsogolo n'kuunjikana mopendekeka madigiri pafupifupi 30. Motero kamzere konse kamasuntha kutsikira kumunsi. Mukakadula ndi fosholo mudzaona timagawo topendekera mbali imodzimodziyo. Koma mbali zonse ziwiri zikafanana, ndiye kuti ndi mafunde amene amangokankha mchenga uku ndi uko, monga zimachitikira m'mphepete mwa damu. Pamenepo madzi sathamanga.

Onaninso nsonga zake. Zikakhala zowongoka, madzi amayenda mofatsa. Zikayamba kukhotakhota, kenako n'kuduka zidutswa zonga malilime, liwiro linali lokulirapo kapena madzi anayenda nthawi yaitali. Timizere tenitenito sititalikirana kupitirira masentimita 60. Mukapeza milu ikuluikulu yotalikirana mita imodzi kapena kuposerapo, dziwani kuti pamenepo pamadutsa madzi amphamvu onyamula mchenga wambiri, ndipo paipi yanu idzakwiririka.

Kukula kwa mchenga nako kuli ndi gawo lake, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezekera. Timizere timapangika pa mchenga wosalala, wa timchenga tosaposa mamilimita 0.7 kukula kwake. Pa mchenga wokhakhala ndi pa nsangalabwi simudzatiwona, choncho musathamangire kunena kuti pamalo popanda timizere mpodekha. Fikisani mchengawo ndi zala kaye. Mu 1935 katswiri wa ku Sweden, Filip Hjulström, anaonetsa kuti mchenga wosalalawu ndiwo suvuta kunyamulidwa: madzi oyenda masentimita pafupifupi 20 pa sekondi amaunyamula. Dothi lamakande, ngakhale ndi losalala kwambiri, limafuna madzi amphamvu kuposa apa chifukwa limamatirirana. Zimamveka zosemphana, koma amene anakumbapo ngalande m'makande sangatsutse.

Nanga paipi itcheredwe pati? Pamene mtsinje ukukhota, madzi apansi amakokera mchenga mbali ya mkati, n'chifukwa chake mulu wa mchenga wa timizere mumaupeza kumeneko. Pamaoneka pabwino, pofikika mosavuta, koma ndi pamene pampu imameza mchenga mpaka kudyeka m'kati. Tcherani mbali ya kunja kwa pokhotapo, pamene pali pakuya, bola mulimbitse gombe ndi miyala chifukwa mbali imeneyo ndiyo imakumbika. Kamwa la paipi lisagone pansi, likwezeni pang'ono.

M'ngalande yanu mukayamba kuoneka timizere, mchenga walowa kale ndipo timizereto tikuchedwetsa madzi, zomwe zimagwetsa mchenga winanso. Kumbani dzenje lotakasuka ndi lakuya kumayambiriro kwa ngalandeyo kuti madzi afooke, mchenga ukhazikike momwemo, ndipo muziuwola dzenjelo lisanadzaze.