Momwe mungapakire mitundu pa mandala a mtengo wa moyo, mutu n'kupumako

Munthu wamkulu akawerama pakhonde, mapensulo amitundu ali mbwee pambali, odutsa amaganiza kuti akuthandiza mwana homuweki. Akamva kuti pepalalo ndi lake, ena amaseka: "Kodi achimwene, mwabwereranso ku sitandade 1?" Asiyeni aseke. Kumaiko akunja, cha m'ma 2015, mabuku opakamo mitundu opangira akuluakulu anayenda malonda mpaka kulowa m'gulu la mabuku ogulidwa kwambiri. Chimene chimakoka anthu n'chakuti manja akatanganidwa ndi kantchito kobwerezabwereza, kosafuna kuwerengetsera, mutu umasiya kaye kuzungulira pa fizi, ngongole ya kubanki m'khonde ndi mtengo wa feteleza. Amene anachezapo pamphasa akutongola chimanga akudziwa mmene mtima umakhalira m'malo zala zikamayenda zokha.

Mandala tikunena pano si a m'maso ayi. Ndi chojambula chozungulira, chimene zonse zimayambira pakati n'kumabwerezedwa mofanana mbali zonse. Kwawo ndi ku India, m'zipembedzo za Chihindu ndi Chibuda, ndipo amonke a ku Tibet amachipanga ndi mchenga wamitundu kwa masiku angapo, akamaliza n'kusesa. Carl Jung, dokotala wa maganizo wa ku Switzerland, ankajambula mandala iye mwini ndipo ankaona kuti amasonyeza zimene zili mumtima mwa wojambulayo. Mtengo wa moyo ndi mtengo woikidwa m'kati mwa bwalolo, nthambi zitatambasukira m'mwamba, mizu pansi, mpaka ziwirizi kukakumana m'mbali. Owerenga Baibulo dzinali amalidziwa ku Genesis ndi ku Chivumbulutso 22.

Mu 2005 ofufuza awiri a ku America, Nancy Curry ndi Tim Kasser, anatenga ophunzira 84 a pakoleji, n'kuwauza kuti akumbukire chinthu chimene chinawachititsapo mantha, kenako n'kuwapatsa mphindi 20 zopaka mitundu. Amene anapaka pa mandala kapena pa timabokosi tojambulidwa kale nkhawa zawo zinatsika kuposa amene anangopatsidwa pepala lopanda kanthu. Phunziro ndimatengapo ine n'lakuti mpumulo umabwera pamene zosankha zachepa. Choncho zonse zofuna kuganiza muzithane nazo musanayambe kupaka. Koma tisanamizane, awa si mankhwala. Ngati tulo sitikubwera kwa masabata, kapena moyo ukukukolani, pitani kuchipatala mukaonane ndi adokotala.

Pezani chojambula

Njira yachidule ndi ya pafoni. Lembani mawu akuti tree of life mandala colouring page pa Google kapena pa Pinterest, mupeza zithunzi zosawerengeka. Sankhani cha mizere yakuda yokhayokha pa malo oyera. Chikuzeni ndi zala muone ngati mizere ikukhalabe yakuthwa, chifukwa chimene chikuoneka bwino pafoni chimatha kutuluka chachimbuuzi papepala. Ngati n'koyamba, pewani zija za timasamba tambirimbiri tating'ono ngati mapira. Maso amatopa musanafike theka, ndipo chimene mumati chikupumitseni chimasanduka ganyu.

Kenako pitani kwa opulinta, kaya pa Chitakale, pa Limbuli, ku Luchenza, ku Bvumbwe kapena paboma. Apempheni makina a fotokope kapena pulinta ya laser, chifukwa inki ya mapulinta ena imasungunuka ikangokhudzidwa ndi thukuta kapena maka. Tulutsani makope awiri kapena atatu a chithunzi chomwecho, limodzi likhale loyeserapo. Pepala wamba la A4, lija la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala), ndi lokwanira ngati mukugwiritsa ntchito mapensulo. Ngati mukufuna mamaka, funsani lokhuthala, la 120 kapena 160 gsm, apo ayi utoto ubowolera kuseri.

Kapena jambulani nokha

Ine ndimalimbikitsa njira iyi, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mitengo yambiri ya pa intaneti ndi ya ku Ulaya, yosadziwika ndi masamba omwe. Chachiwiri, pali abale ena amene amakayikira zizindikiro zochokera m'zipembedzo zina. Mukajambula nokha mukudziwa chilichonse chimene mwaikapo, ndipo palibe choti n'kufotokozera abusa.

Pepala la A4 ndi lotambalala masentimita 21, ndiye tsegulani kampasi ya ana asukulu ija masentimita 9, bayani pakati, zunguzani. Ngati kampasi palibe, mbale yodyera imagwira ntchito yomweyo, sosala n'kukupatsani bwalo lam'kati. Mukufunika mabwalo atatu: lalikulu, lina lochepa ndi masentimita awiri pa lalikululo, ndi lina lochepa ndi sentimita imodzi pa lachiwirilo. Mipata yapakati pa mabwalowa ndi malamba amene mudzaikemo zokongoletsa, ndipo bwalo lam'kati ndi nyumba ya mtengo.

Gawani bwalo zigawo 8 kapena 12 ndi lula komanso pensulo yopepuka. Zigawo 8 ndi madigiri 45 chilichonse, 12 ndi madigiri 30. Opanda choyezera apinde pepala lina lozungulira katatu, atambasule, apeza zigawo 8 zofanana zoti n'kuonera.

Thunthu liime pa mzere wapakati. Ligawike pawiri, nthambi iliyonse igawikenso pawiri, choncho mpaka kufika m'mphepete. Tembenuzani pepala chadodolido, muchite zomwezo kumizu, koma izo zikhale zokhotakhota komanso zopanda masamba. Musavutike kuti kumanja kufanane ndendende ndi kumanzere. Mtengo wofanana mbali zonse kulibe.

Nanga mtengo wake uti? Kachere ndi wosavuta komanso wokoma kujambula, chifukwa mizu yake ina imatsika kuchokera kunthambi, ndiye kumwamba ndi pansi zimalumikizana zokha. Mlambe wa ku Chikwawa kapena ku Mangochi uli ndi thunthu lalikulu loti mutha kujambulamo timizere ndi timadontho. Ndiye pali mkungudza wathu, mtengo wa fuko la Malawi, umene mwachilengedwe umamera pa Phiri la Mulanje pokha ndipo wadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Uwu ndi wovutirapo poti masamba ake ndi ang'onoang'ono, koma mutha kuwajambula ngati timagulumagulu kunsonga za nthambi.

M'malamba akunja aja bwerezani kanthu kamodzi m'chigawo chilichonse. Masamba awiri ndi kansonga, aja amathyola otchola tiyi, amakwana bwino kwambiri. Nanazi nayenso amakoma poti ali kale ndi timabokosi. Lamba wopapatiza uja muikemo mizere yokwera ndi kutsika ngati nsonga za phiri. Mukakhutira, dutsani paliponse ndi bolopeni yakuda, dikirani iume, fufutani pensulo ndi labala. Musanapake, kapangitseni fotokope. Ntchito ya tsiku limodzi idzakutumikirani kambirimbiri.

Zipangizo

Paketi ya mapensulo amitundu 12 ndi yokwanira. Chekeni wa ana ndi wonenepa, salowa m'timakona. Onjezani chosongolera, labala, katoni yosalala yoika pansi pa pepala kuti mizere ya thebulo isatulukire, ndi kapepala koika pansi pa dzanja. Mapensulowa musawagwetse. Mtima wake umathyokera m'kati, ndipo mudzangosongola mpaka kutha.

Sankhani mitundu musanakhudze chithunzi

Apa ndi pamene ambiri amasokera. Amafuna pensulo iliyonse ya m'paketi ionekere, mapeto ake chithunzi chimasokosa ndipo mwini wake amaima pa tsamba lililonse kudzifunsa kuti apa ndiike chiyani. Tengani mitundu inayi kapena isanu yokha, yotsalayo ibwezereni m'paketi, paketiyo muiike kutali.

Mukasowa poyambira, yang'anani panja. Kuno sitisowa mphunzitsi wa mitundu. Imani m'mbali mwa msewu wochokera ku Thyolo kupita ku Mulanje m'mawa: tiyi wophukira kumene ndi wobiriwira mopita kuchikasu, wokhwima ndi wobiriwira modera, njira zodutsa m'minda ndi zakatondo, thanthwe la Chambe pa Phiri la Mulanje ndi lotuwa, ndipo phiri likakhala patali limaoneka labuluu. Imeneyo ndi mitundu isanu yogwirizana kale. Wina angakonde ya madzulo: yachikasu, olenji, yofiira, pepo ndi yakuda pang'ono. Kapena yalani chitenje chimene mumachikonda, muone mitundu imene opanga anaphatikiza.

Dziwaninso kuti pali mitundu imene imawalitsana ikayandikana: wofiira ndi wobiriwira, wabuluu ndi olenji, wachikasu ndi pepo. Timaluwa tofiira tochepa pakati pa masamba obiriwira timaoneka patali. Mukachulukitsa, maso amalira.

Yesani mitundu yanu pa kope yoyeserera ija, umodzi pambali pa unzake. Kenako gamulani: uwu wa thunthu ndi mizu, iwiri iyi ya masamba, uwu wa kumbuyo, uwu wa malamba. Zatha. Kuyambira pano palibenso kuganiza.

Kupaka kwenikweni

Ikani foni m'chipinda china. Khalani pampando wa pathebulo, osati pabedi, kuwala kuchokere kumanzere ngati mumalembera dzanja lamanja, kuti chithunzithunzi cha dzanja chisabise mizere.

Gwirani pensulo chapakati, osati pafupi ndi nsonga ngati mukulemba mayeso. Kugwirira patali kumachepetsa mphamvu, ndipo n'zimene tikufuna. Yendetsani mozungulirazungulira, timabwalo ting'onoting'ono tolowererana, mopepuka moti pepala lizionekabe pansi pake. Mtundu umakhwima pobwerezapo kachiwiri ndi kachitatu, osati pokanikiza. Mukakanikiza poyamba, phula la m'pensulo limatseka timaenje ta pepala, pamwamba pamakhala see, ndipo mtundu wina uliwonse umangotererapo. Nthawi zonse yambani ndi wowala. Wakuda umaphimba wachikasu, koma wachikasu sungaphimbe wakuda.

Yambirani pa thunthu. Lipakeni lonse ndi wachikasu mopepuka, kenako wabulauni pamwamba pake, apa mukutsata kutalika kwa mtengo kuti pakhale ngati makungwa. Sankhani mbali imene dzuwa likuchokera, tinene kumanzere. Ndiye kumanja kwa thunthu ndi kunsi kwa nthambi iliyonse onjezani wabuluu woderapo kapena bulauni wina. Mudzaona mtengo ukudzuka papepala. Mizu ichitidwe chimodzimodzi, koma izidera pamene ikutsika.

Masamba ndi amene amatenga nthawi, ndipo ndi pamene pali kukoma konse. Tsamba lililonse lipakeni lonse ndi wobiriwira wowala, kenako woderayo muuike kuphata kokha, n'kumachepetsa mphamvu mpaka pakati, nsonga ikhale yowala. Tsamba limodzi, kenako linzake. Musayang'ane kuti atsala angati. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakapita mphindi zingapo mudzapeza kuti mpweya ukutsata dzanja, phewa latsika, nsagwada zamasuka.

Pa malamba, werengani kaye zokongoletsa musanayambe kusinthanitsa mitundu. Zikakhala 8, mitundu iwiri kapena inayi izungulira bwino. Itatu ikana: pokakumana pomaliza mtundu umodzi udzasowa malo. Zikakhala 12, iwiri, itatu kapena inayi zonse zitheka. Pa zithunzi za pa intaneti nthawi zina mumapeza 15 kapena 21, ndipo apo mitundu iwiri idzagundana pomaliza, koma itatu idzakwana. Tengani pensulo imodzi, malizani malo ake onse kuzungulira, kenako mutenge ina. Muzizunguza pepala, osati khosi.

Kumbuyo kwa mtengo kubwere pomaliza. Mutha kusiya koyera, ndipo nthawi zambiri kumakongola choncho. Ngati mukufuna thambo, pendeketsani pensulo igone chammbali, muyambire kunja moderapo n'kumawalitsa poyandikira thunthu. Kuti mitundu ilowane bwino, dutsanipo ndi pensulo yoyera ija anthu amaiyesa yopanda ntchito, apa ndiye mokanikiza. Kathonje kapena tishu yopinda imasalazanso malo aakulu.

Mukatuluka kunja kwa mzere, labala sachotsa zonse, ndipo mukakhula kwambiri pepala limanyuka. Dinani pang'onopang'ono. Zikakana, bwerezani kutulukako m'zigawo zina zonse pamalo omwewo. Chinthu chikabwerezedwa kuzungulira bwalo, aliyense amachiona ngati chinakonzedwa dala.

Nthawi ndi kusunga

Mphindi 20 mpaka 30 pa tsiku n'zokwanira. Chithunzi chimodzi chitha kutenga sabata, palibe akukuthamangitsani. Zala zikayamba kuuma kapena maso kuyabwa, imani, yang'anani patali kaye. Usiku magetsi akathima, nyale ya sola ndi yabwino kupakira malo amene mwasankha kale mtundu wake, koma musasankhire mitundu pa kandulo. Kuwala kwake n'kwachikasu, ndipo m'mawa mudzapeza kuti pamene mumati wabuluu munaika pepo.

Ana akaona adzafuna nawo. Apatseni kope yawo ndi chekeni wawo, mapensulo anu mubise. Ngati muli ndi anzanu awiri atatu, kaya a kumpingo kapena a kuntchito, sonkhani ya fotokope, aliyense apake chithunzi chomwecho kwawo, mudzaonetsane Lamlungu. Mtengo umodzi umatuluka mosiyana kwa munthu aliyense.

Mdani wamkulu wa pepala ku Mulanje ndi ku Thyolo ndi chinyezi. M'miyezi ya chiperoni, cha mu Juni ndi Julayi, komanso nthawi ya dzinja, pepala losiyidwa pathebulo limafewa n'kupindika, pensulo siigwira bwino, ndipo likakhalitsa limachita nkhungu. Mukamaliza tsiku limenelo, lilowetseni m'kafayilo ka pulasitiki kapena m'jumbo youma, muliike pakati pa mabuku, kutali ndi khoma lakunja. Lomalizidwa mulembe deti kuseri. Ngati mukufuna kulipachika, kalipangitseni lamineti kapena muliike m'felemu ya galasi, pakhoma limene silimenyedwa ndi dzuwa, chifukwa mitundu yofiira ndi yapinki ya mapensulo otsika mtengo sichedwa kufwifwa.