Kakumbidwe ka chikande koti chaka chamawa chidzapezekenso

Aliyense wopita kuphiri kukakumba chikande adziwe ichi khasu lisanagunde pansi: kambatata kolimba kamene mukukasaka kaja ndiko kamayenera kudzaphuka mvula ikubwerayi. Mukakachotsa n'kusiya dzenje lili kukamwa yasa, ndiye kuti chomeracho chathera pomwepo. N'chimodzimodzi munthu amene wakazinga chimanga chimene anasungira mbewu. Malangizo onse amene ndikupatseni pano achokera pa mfundo imeneyi.

Chikande, chimene anzathu a kumpoto amati chinaka ndipo ku Zambia amati chikanda, si chomera chimodzi. Ndi timbatata ta maluwa a m'tchire a banja la orchid, makamaka a magulu amene akatswiri a zomera amawatcha Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis. Kuno ku Malawi kuli mitundu ya orchid yoposa 400, ndipo paphiri la Nyika pokha pali yoposa 200. Ina imamera pamitengo, koma ya chikande ndi yapansi, yomera mu udzu wa pamwamba pa mapiri ndi m'mphepete mwa madambo: ku Nyika, ku Viphya, ku Misuku, ku Dedza, ku Zomba ndi ku Mulanje. Yambiri ndi yaifupi, yosapitirira m'mawondo, ndipo ikapanda maluwa mungaiponde osadziwa. Satyrium mungamuzindikire ndi tinyanga tiwiri tolendewera kumbuyo kwa duwa lililonse, ndipo mitundu yake ina imakhala ndi tsamba limodzi kapena awiri otambalala onamatira pansi. Disa amakhala ndi kanyanga kamodzi kumbuyo kwa kachipewa ka duwa.

Zomerazi zimapirira kuzizira chifukwa nthawi ya chisanu zimakhala zitagona. Mvula ikayamba cha mu Novembala kapena Disembala, kambatata kamatulutsa masamba ndi phesi, ndipo maluwa ambiri amaoneka kuyambira Januwale mpaka Malichi. Pamene chomeracho chikukula chimadya kambatata kakale, kamene kamayamba kufota, kuda ndi kufewa. Nthawi yomweyo pambali pake pamakhala pakupangika kambatata katsopano, koyera ndi kolimba. Ikafika Meyi masamba amauma, ndipo pamene chisanu chikuwawula udzu ku Nyika mu Juni ndi Julayi, pamalo okwera kuposa mamita 2,000, chamoyo chimene chatsala ndi kambatata katsopano kaja pansi pa nthaka. Wokumba amataya kakale chifukwa sikagwira pophika, n'kutenga katsopano.

Mwina wina anena kuti nanga si zimabereka njere? Zimaberekadi, ndipo kathumba kamodzi kamakhala ndi njere zikwizikwi zonga fumbi. Koma njere ya orchid ilibe chakudya m'kati mwake monga mmene ilili nyemba kapena mtedza. Kuti imere, iyenera kugwera pamalo pamene pali timizu ta bowa winawake wa m'nthaka, wosaoneka ndi maso, amene amalowa m'njereyo n'kumaidyetsa. Zambiri zimauluka ndi mphepo n'kukagwera posayenera. Imene yachita mwayi imatenga zaka zingapo kuti ifike potulutsa duwa loyamba. Ndiponso kuti njerezo zipangike pamafunika kachilombo kapena kambalame kodziwana ndi duwalo: mitundu ina ya Satyrium imadalira agulugufe a usiku, ina timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa. Maluwa akatsala apo ndi apo, motalikirana, alendo amenewa sabwera kawirikawiri ndipo timathumba timakhala topanda kanthu. N'chifukwa chake phiri limene lakumbidwa mopitirira muyeso limatha zaka lisanabwerere mwakale, ngakhale anthu atasiyiratu kupitako.

Kale chikande chinali ndiwo ya pakhomo, yodyedwa makamaka ndiwo zina zikasowa. Mayi ankakumba kadengu kamodzi, n'kutsuka, kuyanika, kusinja mu mtondo, kenaka n'kuphika ndi nsinjiro, chidulo, mchere ndi tsabola mpaka chitalimba moti n'kuchidula ndi mpeni. Zinthu zinasintha pamene chakudyachi chinalowa m'matauni a ku Zambia monga Lusaka, Kitwe ndi Ndola, n'kufika mpaka m'masitolo aakulu. Madambo a kumeneko atachepa mphamvu, ogula anayamba kuoloka malire. Kafukufuku amene anatuluka mu 2003 anapeza kuti timbatata pakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkachoka kumapiri a kummwera kwa Tanzania kupita ku Zambia chaka chilichonse, tambiri kudzera pa matauni a pamalire a Tunduma ndi Nakonde. Nkhani imeneyi inathandiza kuti boma la Tanzania likhazikitse paki ya Kitulo mu 2005, paki yotetezera maluwa kuposa nyama. Chitipa ndi Rumphi sizili kutali ndi msika umenewu, ndipo wogula wobwera ndi matumba sasamala kuti chaka chamawa mudzakumba chiyani. Amene muyenera kusamala ndinu eni dera.

Tsopano pa kakumbidwe. Pali nthawi ziwiri zimene munthu angakumbe, ndipo iliyonse ili ndi lamulo lake.

Yoyamba ndi pamene maluwa afota, timathumba ta njere tauma n'kung'ambika, cha mu Epulo mpaka Juni malinga ndi dera. Apa kambatata kamakhala kokhwima bwino, kolemera, ndipo kamasungika. Musanakumbe, gwirani phesi n'kuligwedeza pamalo pomwepo kuti njere zotsalira zigwere m'nthaka imene muli kale bowa uja. Koma dziwani kuti pa nthawi imeneyi kambatata kakale kamakhala katatheratu, choncho chomera chimene mwakumbacho sichidzukanso. Chitetezo chake ndi kusiya zambiri. Ine ndimalangiza kuti pa zomera zisanu zoyandikana mukumbe chimodzi, ndipo zimene mukusiya zisakhale zonyozeka zokhazokha. Siyaniko zonenepa, chifukwa ndizo zimabereka njere zambiri. Mukapeza pansi pali timbatata tatsopano tiwiri, zimene zimachitika pa mitundu ina, tengani kakakulu, kakang'onoko mukabwezere mmene kanakhalira, mphuno yake yophukira ili m'mwamba.

Nthawi yachiwiri ndi pamene chomera chikadali ndi masamba obiriwira, maluwa ali pafupi kufota. Olima ma orchid omera pansi ku Australia, ndiponso amene akuyesa kulima orchid wa salep (ufa wa timbatata wopangira chakumwa) ku Turkey, amagwiritsa ntchito njira iyi pochulukitsa mbewu: amazula chomera mosamala, n'kupotokola kambatata katsopano, kenaka n'kubzalanso chomeracho ndi kambatata kake kakale ndi mizu yonse. Poona kuti chataya nkhokwe yake, chomera chimatha kupanga kambatata kena nyengo isanathe. Njirayi imafuna dzanja lofatsa. Kumbani cha pambali ndi kamtengo kosongoka kapena kampeni, osati khasu lalikulu, musathyole phesi, mubwezere dothi lomwelo n'kutsindira ndi manja, ndipo muchite zimenezi nthaka ikadali yonyowa. Si chomera chilichonse chimene chimachira, ndipo mukachedwa mpaka masamba atayamba chikasu mphamvu imakhala itatha. Komabe n'kwabwino kwambiri kuposa zimene ndimaziona kawirikawiri, zongozula n'kutaya phesi padzuwa, maluwa ali chiphukire.

Pa njira zonse ziwiri, kwirirani dzenje. Dzenje losiyidwa limaumitsa timbatata tating'ono tapafupi, limaitana nguluwe ndi anyani, ndipo pamtsetse ndi pamene madzi amayambira kukokolola nthaka. Timbatata tochepera nsonga ya chala chachikulu musatole. Pa ndowa sitiwonjezera kanthu kooneka, pamene m'nthaka tikanadzakhala zomera zobereka. Kambatata kotemedwa ndi khasu kamaola msanga n'kuoletsa tinzake m'thumba, choncho kapatuleni mukaphike kunyumba.

Munthu mmodzi sangasunge phiri. Mayi amene wasiya zomera zinayi lero, mawa wina akadzazikumba, sadzasiyanso. Apa mpamene a mfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi ayenera kulowererapo. Gawani malo okumbako zigawo zitatu kapena zinayi potsata zizindikiro zimene aliyense akuzidziwa, monga mtsinje, mwala kapena njira, ndipo chaka chilichonse mutsegule chigawo chimodzi, zinazo zipume. Gwirizanani tsiku loyambira kukumba ndi lotsekera, ndipo alendo ochokera kutali aziyamba aonekera kwa a mfumu. Pokhazikitsa malamulowa muwaitane okumba enieniwo, amene ambiri ndi amayi, ana a sukulu ndi mabanja osowa pogwira. Lamulo lopangidwa ndi abambo okhaokha pabwalo, amene sanagwirepo kambatata ka chikande chiyambire, limathera pabwalo pomwepo. Amayiwa ndiwonso akudziwa kuti kale ankapeza kuti, ndipo lero akuyenda mtunda wotani.

Nkhani ya moto ndi yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa ena amaganiza kuti moto uliwonse ndi mdani. Udzu wa kumapiri ukakhala zaka zambiri osapsa umakanirira, tchire limalowerera, ndipo timaluwa tatifupi timasowa dzuwa. Kambatata kali pansi sikapsa ndi moto wodutsa mofulumira, ndipo mitundu ina imachita maluwa ambiri chaka chotsatira lupsa. Choopsa ndi nthawi yake. Mukatentha timathumba tisanang'ambike, mwaotcha njere za chaka chonse. Mukadikira mpaka Seputembala kapena Okutobala, udzu utauma gwa ndipo mphepo ikuwomba, moto umakhala waukali, ndipo m'madambo a nthaka yakuda yofutukuka umalowa pansi n'kumanyeka masiku angapo, kuphikiratu timbatata ndi bowa yemwe. Tenthani njere zitagwa, udzu ukadali ndi chinyezi pang'ono, m'mawa kapena madzulo, ndipo musatenthe malo amodzimodzi chaka ndi chaka.

Kukumba si kokha kumene kukutha chikande. Dambo likagaulidwa kuti pabzalidwe mbatatesi kapena kabichi, monga tikuonera ku Dedza ndi ku Ntcheu, zonse zimapita kamodzi. Ngati dimba n'losapeweka, siyani mpata wa udzu wosalima m'mphepete mwa madzi ndi kumutu kwa dambo. Mankhwala opopera chiwawu cha mbatatesi ndi tomato anapangidwa kuti aphe zamtundu wa bowa, choncho musatsukire sipuleya m'dambo kapena kukhuthulira zotsala mu udzu. Kubzala mitengo n'kwabwino, koma paini kapena bulugamu wobzalidwa pa udzu wachilengedwe wa pamwamba pa phiri amaphimba dzuwa ndi kuumitsa nthaka. Mitengo ipite pamene panali mitengo kale. Ng'ombe nazo zisamadyetsedwe pamalo a maluwa kuyambira Disembala mpaka Epulo, chifukwa zimapondereza ndi kudya mapesi.

Alimi ambiri amafunsa ngati angathe kulima chikande kumunda. Kungozula kuphiri n'kukabzala kuseri kwa nyumba nthawi zambiri sikuphula kanthu: chaka choyamba chimaphuka ndi mphamvu imene chinabwera nayo, chachiwiri chimafooka, kenaka zii. Kumadera otentha monga Salima kapena Chikwawa musadzivute n'komwe. Akatswiri a ku munda wofufuzira zomera wa Kew ku London pamodzi ndi a Copperbelt University ku Kitwe anayesa kumeretsa njere za chikanda m'mabotolo mu labotale, koma imeneyo ndi ntchito yofuna zipangizo, sinafike poti mlimi aliyense angaichite pakhomo. Kusamutsa ndimakuvomereza pokhapokha ngati malowo akuwonongedwa ndithu, mwina pakudutsa msewu kapena pagaulidwa. Zikatero kumbani masamba atauma, munyamule chibuma chonse cha dothi osachiphwanya, mukachiike pamalo ofanana nawo pa kuzizira, chinyezi ndi dzuwa. Musathire feteleza kapena manyowa a khola.

Pomaliza, za malamulo a boma. Kukumba chomera chilichonse m'paki monga Nyika popanda chilolezo cha nthambi yoona za mapaki ndi nyama zakutchire ndi mlandu, ndipo chilango chake chinakhwimitsidwa pamene lamulo linakonzedwanso mu 2017. M'nkhalango zotetezedwa monga za ku Zomba, Dedza ndi Mulanje, chilolezo chimachokera ku nthambi ya zankhalango. Kutulutsa timbatata kunja kwa dziko nakonso kumafuna chikalata, popeza ma orchid onse ali pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire pakati pa mayiko. Wogula akakuuzani kuti mumunyamulire thumba mpaka kuoloka malire, wogwidwa mudzakhala inu.

Ntchito yoyamba ya komiti ichitike mu Febuluwale, maluwa ali poyera. Sankhani malo ochepa m'chigawo chilichonse, mapazi khumi mulitali ndi khumi mulifupi, mukhome zikhomo m'makona, muwerenge mapesi a maluwa ndi kulemba m'kope limodzi ndi tsiku lake. Chaka chamawa mudzawerengenso pomwepo mwezi womwewo. Chiwerengero chikatsika zaka ziwiri zotsatizana, chigawo chimenecho chitsekedwe kufikira chitakweranso. Mukapeza duwa limene simukulidziwa, lijambuleni pafoni osalizula, ndipo mlangizi wa zankhalango wa kwanuko angathe kutumiza chithunzicho ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba kuti akalizindikire.