Kuyeza ganyu: momwe wophunzira zachuma angafufuzire za ntchito m'midzi ya Angónia ndi Tsangano

Ziwerengero zikuluzikulu za chigawo cha Tete zimakamba za malasha a ku Moatize, amene anayamba kutumizidwa kunja mu 2011, magetsi a ku Cahora Bassa ndi fodya. Koma ntchito imene imaika nsima patebulo la banja losauka la ku Dómuè kapena ku Tsangano mu Januwale sioneka bwino m'mabuku amenewo. Ntchitoyo ndi ganyu, amene pa Chipwitikizi amati ganho-ganho. Ngati mukuphunzira zachuma ndipo mukufuna mutu wa licenciatura kapena masitala wokhudza ntchito ndi chitukuko, mutu uwu uli pakhomo panu, ndipo mungaufufuze ndi ndalama zochepa. Chofunika n'kudziwa kafunsidwe ndi kayezedwe.

Yambani ndi funso lenileni la akatswiri. Mu 1954 Arthur Lewis, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1979, ananena kuti m'mayiko osauka kumidzi kuli manja otsala, oti akhoza kupita ku mafakitale popanda zokolola kuchepa, ndipo malipiro sakwera mpaka manja otsalawo atatha. Mu 1970 John Harris ndi Michael Todaro anafotokoza chifukwa chimene anthu amapitirabe kutauni ngakhale ntchito kulibe: amawerengera malipiro amene angapeze mwayi ukawagwera. Tsono yang'anani ku Angónia. Mu Julayi manja ambiri amakhaladi opanda chochita, koma mu Disembala, udzu ukamera m'chimanga, fodya ndi mbatata nthawi imodzi, aliyense amasowa womupalirira. Manja otsala aja ndi a nyengo. Funso lanu likhale lakuti: tsiku limodzi la ganyu limagula chimanga chochuluka bwanji pa nyengo iliyonse, ndipo wopita ku ganyuyo amataya chiyani kumunda kwake?

Musanapite kumudzi, werengani zimene INE, ofesi ya boma yoona za ziwerengero, inasonkhanitsa kale: kalembera wa anthu wa 2017, kafukufuku wa za m'mabanja wa IOF wa 2014/15, 2019/20 ndi 2022, komanso IFTRAB wa 2004/05 amene anali wa zantchito. Onetsetsani tanthauzo la "wogwira ntchito" m'kafukufuku aliyense. Mu 2013 msonkhano wa akatswiri a ziwerengero wa ILO, bungwe la dziko lonse loona zantchito, unasintha tanthauzoli: wolima chakudya chodya pakhomo pokha sawerengedwanso pamodzi ndi wogwira ntchito yolipidwa kapena yopezera phindu. Mukayerekeza ziwerengero za matanthauzo awiriwa mosasamala, mudzaona ngati ntchito zatha kumidzi pomwe chasintha ndi cholembera chokha. Funaninso zimene Christopher Cramer, Carlos Oya ndi John Sender anapeza ku Manica, Nampula ndi Zambézia mu 2002 ndi 2003. Anaonetsa kuti ntchito zolipidwa kumidzi, makamaka za amayi osauka, n'zambiri kuposa momwe akafukufuku wamba amazionetsera.

Za chilolezo n'zachidule: credencial ya kusukulu kwanu, kenako ofesi ya boma la distrito ndi SDAE (ofesi ya distrito yoona za ulimi ndi zachuma), kenako posto, pomaliza anyakwawa a mudzi. Musalumphe aliyense. Koma anyakwawa asakusankhireni nyumba. Sikuti angakunamizeni, koma mwaulemu wawo adzakutengerani kwa anthu odziwa kulankhula ndi alendo, ndipo amenewo kawirikawiri ndi olemba aganyu, osati ochita ganyu.

Lembani nokha nyumba zonse za m'mudzimo, khomo ndi khomo, kuphatikiza zisakasa za m'minda ya fodya mmene mumagona antchito a nyengo yonse, ena mwa iwo ochokera ku Malawi. Amenewa sapezeka pamndandanda wa mudzi, ndipo mukawasiya mwasiya osaukitsitsa. Ngati nyumba zilipo 90 ndipo mukufuna 15, lembani manambala 1 mpaka 6 patimapepala, mwana atole kamodzi, muyambire pamenepo n'kumatenga nyumba yachisanu ndi chimodzi iliyonse. Midzi 20 ya nyumba 15 ndi yabwino kuposa midzi 5 ya nyumba 60, ngakhale zonse zikukwana 300. Anthu a mudzi umodzi amalembedwa ndi alimi omwewo pamtengo womwewo, choncho nyumba ya 40 ya mudziwo sikuuzani chatsopano.

Pofunsa ndi pamene akafukufuku ambiri amagwera. Mukati "Kodi mumagwira ntchito?" mayi amene wangoweruka kumene kopalira m'munda wa mnzake adzayankha kuti ayi, ndipo sananame. Kwa iye ntchito ndi ya pamwezi, ya aphunzitsi kapena ya kumgodi. Funsani motchula zochita: "Masiku asanu ndi awiri apitawa, munakapalirako, kubandira, kukumba mbatata, kusoka fodya, kusenza matumba, kuumba njerwa kapena kutunga madzi kwa munthu wina kuti akupatseni kangachepe?" Mafunsowa alembedwe m'Chinyanja kuyambira pachiyambi. Fomu ya Chipwitikizi imene wofunsa aliyense akumasulira m'mutu mwake imabala mafunso osiyanasiyana, ndipo trabalho amasanduka "ntchito" ija yobisa ganyu.

Munthu wamkulu aliyense afunsidwe payekha, ndipo amayi afunsidwe ndi mkazi mnzawo, poteropo pamene bambo sakumva. Ganyu amachititsa manyazi chifukwa amaulula kuti nkhokwe yatha. Bambo angayankhe pakhonde kuti "kuno sitichita zimenezo" pomwe mayi ali kuseri kupeta chimanga cha ganyu wa dzulo. Dima, kumene anthu amalima pamodzi n'kumwa thobwa kapena mowa, mulilembe pamzere wake, si ganyu.

Malipiro amafuna kudekha. Ganyu wambiri salipidwa patsiku koma pa ndime: mizere yakuti, mtengo wakuti. Funsani mizere ingati, yotalika mapazi angati, munali anthu angati, munatha masiku angati, munkayamba dzuwa lili pati ndi kuweruka lili pati. Za "munali angati" musaiwale, chifukwa mayi amapita ndi ana awiri n'kutchula malipiro onse ngati ake okha. Kenako funsani chimene analandira: ndalama, chimanga, gaga, ufa, timbatata totsala posankha, ndi ngati anadyera komweko.

Yendani ndi sikelo yopachika ya makilogalamu 50. Chidebe si muyeso umodzi: china n'chophwanyika m'mbali, china amathira mosefukira, china amasalaza ndi dzanja. M'mudzi uliwonse yezani zidebe zitatu ndipo mugwiritse ntchito yapakati. Kumalire, monga ku Calómuè ndi ku Biri-biri, ena amalipidwa makwacha. Lembani ndalama imene yatchulidwa, ndipo tsiku lomwelo funsani osintha ndalama pamsika kuti kwacha ikusinthidwa bwanji ndi metikali. Mtengo wa kubanki si umene waganyuyo amasinthira.

Zonsezi muzisandutse makilogalamu a chimanga pa tsiku la munthu mmodzi. Tiyerekeze chabe: mayi ndi mwana wake wamkulu apalira masiku atatu n'kulandira chidebe cha makilogalamu 18. Amenewo ndi masiku asanu ndi limodzi a munthu, tsiku lililonse makilogalamu 3. Wina walandira mametikali 150 pa masiku awiri pomwe chimanga chili pa 25 kilogalamu; nayenso wapeza makilogalamu 3 patsiku. Chimanga chikafika pa 40 malipiro osasintha, tsiku lake latsika kufika pansi pa makilogalamu 2. Apa ndiye pagona nkhani yonse: mu Januwale ndi Febuluwale ofuna ganyu amachuluka nthawi yomwe chimanga chadula, choncho ndalama ingaoneke yomweyo pomwe mphika wachepa. N'chifukwa chake sabata iliyonse imene mukufunsa muyenera kulembanso mtengo wa chimanga pamsika wapafupi, kwa ogulitsa atatu, poyeza nokha.

Funso limodzi lisasowe: "Tsiku limene munali ku ganyu, m'munda mwanu munali ndani?" Chimanga chochedwa kupaliridwa chimabereka pang'ono, nkhokwe imathanso msanga chaka chamawa, ndipo banjalo limabwerera ku ganyu. Mukapeza zimenezi m'ziwerengero zanu, mwayankha Lewis ndi umboni wa kwanu.

Ulendo umodzi sukwana. Pitani ku nyumba zomwezo katatu: mu Januwale, mu Meyi pokolola, ndi mu Ogasiti kapena Seputembala. Munthu sangakumbukire masiku a ganyu a miyezi khumi ndi iwiri. Amakumbukira waukulu n'kuiwala timaganyu ta theka la tsiku. Ulendo wa Januwale ndi wovuta, misewu ndi matope ndipo anthu ali kumunda mpaka masana, koma ndi umene uli ndi phindu. Konzani njinga yamoto, muzifunsa madzulo. KoboToolbox, pulogalamu yolembera mayankho a kafukufuku, imagwira pafoni popanda intaneti. Tengani batire lapadera ndi mafomu apepala osungira. Yesani mafunso pa nyumba 15 za mudzi umene suli m'kafukufuku, ndipo akapitirira mphindi 40 dulani ena.

Uzani anthu poyera kuti simunabweretse thandizo kapena feteleza, apo ayi mayankho adzapindika. Mayina asungidwe padera ndi mayankho. Pali antchito opanda mapepala olowera m'dziko, palinso ana ogwira ganyu, ndipo pepala lanu lisakhale chowagwiritsa.

Powerengera, onetsani malipiro apakati, a munthu amene ali pakatikati mukawandandalika, chifukwa mmisiri mmodzi womanga nyumba akhoza kukweza avereji ya mudzi wonse. Pulogalamu ya R ndi yaulere ndipo imachita zimene Stata, pulogalamu yogula yowerengera ziwerengero, imachita. Iuzeni kuti nyumba zanu zili m'magulu a midzi, apo ayi idzakupatsani chitsimikizo chabodza. Malipiro ochepetsetsa a gawo la ulimi amene boma limalengeza chaka ndi chaka ndi a pamwezi, choncho poyerekeza nenani momveka masiku amene mwagawira.

Ntchito yotere imatsegula makomo. Ku Ulongué kuli sukulu ya zaulimi ya UniZambeze kumene mungapeze anzanu othandiza kufunsa. Ku Maputo kuli Universidade Eduardo Mondlane, IESE yofufuza zachuma ndi za moyo wa anthu, imene inakhazikitsidwa mu 2007, ndi OMR yofufuza za kumidzi. UNU-WIDER, nthambi ya yunivesite ya United Nations yofufuza za chuma ndi chitukuko, nayo imasindikiza kafukufuku wa chuma cha Mozambique. Ku Nairobi kuli AERC, imene kuyambira 1988 imathandiza ofufuza zachuma a mu Africa, ndipo ili ndi maphunziro a masitala ndi udokotala. Kumeneko adzafuna Chingerezi, masamu ndi econometria (kuyeza zachuma ndi ziwerengero), choncho limbikirani zimenezi muli m'chaka chachiwiri. Popempha malo, tumizani pepala lanu la masamba 20 pamodzi ndi mafunso a Chinyanja aja, ziwerengero zochotsedwa mayina, ndi malamulo a R amene mphunzitsi angayendetse pakompyuta yake n'kupeza makilogalamu omwewo.