Mmene mungachotsere chakukhosi m'banja

Ine ndimalangiza maanja kumpingo kwathu, ndipo tchimo lomwe ndimakumana nalo kawirikawiri ndi kusunga chakukhosi. Mayi angoika nsima patebulo osanena kanthu, bambo adya maso ali pafoni, sabata n'kutha choncho.

Musanalankhule ndi mnzanuyo, yambani mwamupempherera momutchula dzina. N'kovuta kupempherera munthu kwinaku mukumukonzera mawu olasa.

Kenako kambiranani muli awiri, monga Yesu adanenera pa Mateyu 18:15. Osati pamaso pa ana, komanso osati kumuzembera pa status ya WhatsApp, khalidwe lomwe ine limandinyansa. Tchulani cholakwa chimodzi chokha, chalerolo. Za ndalama ya feteleza ya chaka chatha zisiyeni, pajatu 1 Akorinto 13:5 imati chikondi sichisunga mangawa. Nenani kuti, "Bambo a Chisomo, mawu aja andipweteka," osati, "Inu ndi mmene mulili." Akapepesa, landirani, musakafotokozenso kwa achemwali anu.

Musagone nazo, Aefeso 4:26 imakaniza kuti dzuwa lilowe muli chikwiyire. Zikakanika, itanani ankhoswe kapena mkulu wampingo. Koma ngati pali kumenyedwa, pitani ku Victim Support Unit kupolisi tsiku lomwelo.