Mmene ndinathetsera mtima wapachala pa Lichess

Usiku wina ndinaluza magemu 7 a chess motsatizana pa Lichess, tsamba la pa intaneti losewererapo chess. Ndikangoluza, chala chinkathamangira kuyamba gemu ina, mtima uli phaphapha, maso ali pa mapointi omwe ankangotsika.

Ndinayamba ndi kuyatsa Zen mode, yomwe imabisa mapointi gemu ili mkati. Pa kompyuta umangodina z. Blitz ya mphindi 3 ndinaisiya, n'kuyamba rapid ya mphindi 10.

Koma chomwe chinandichiritsa ndi ichi: ndikaluza kawiri, ndimadzuka pampando, kumwa madzi, kenako n'kuunika gemuyo ndi Stockfish, pulogalamu ya pa kompyuta yomwe imakuonetsa pomwe walakwitsa. M'pamene ndinaona kuti ndinkaponya mfumukazi kutsogolo msanga, mfumu ili pambalambanda. Zinandiwawa, komabe tsopano ndimayamba ndabisa mfumu ndisanaukire.