Msoko wa kota inchi: mmene ndimaupezera posoka quilt pamakina

Quilt yanga yoyamba, chofunda chija chosoka polumikiza tizidutswa ta nsalu, ndinasoka ndi zidutswa za zitenje zomwe telala wina wa pakhonde anandipatsa ulere, thumba lodzadza poti zinkangomuthera malo. Ndinadula timasikweya bwinobwino, ndikusoka mizere eyiti ndili osangalala, koma pofika nthawi yolumikiza mizereyo ndi pomwe zinaululika, wina wautali wina waufupi, makona osakumana olo pamodzi, ine ndikuyamba kukoka nsalu kuti ifike basi chinthu chonse chinatuluka chofufuma pakati ngati mtanda wa mandasi. Ndinanamizira makina, ndinanamizira sizasi, pomwe vuto linali alawansi, kansalu kaja kamatsala kuseri kwa msoko.

Ife ozolowera kusoka madiresi ndi masiketi timasiya 1.5 cm, ndipo ukaphonya pang'ono palibe angadziwe, munthu avala basi. Quilt ilibe chisoni chotero. Mapatani ambiri, makamaka ochokera ku America, amawerengera kota inchi, yomwe ndi 6.35 mm, ndipo chidutswa chilichonse mumadula mutaonjezera kale muyeso umenewo mbali zonse. Ndiye tawerengani nane. Mukapitiriza ndi 1 mm yokha, msoko umodzi wadya 2 mm chifukwa wadya uku ndi uku, nsalu zonse ziwiri. Mzere wa misoko 20 wafupika ndi 4 cm. Mzere winawo mwina munasoka mutapuma bwino m'mawa, uli ndendende, ndiye akumana bwanji?

Chinthu choyamba, musakhulupirire kaphazi kopondera nsalu. Ambiri timangotsata m'mphepete mwake poganiza kuti ndi kota inchi, pomwe timaphazi timasiyana, ena ndi otambalala kuposa pamenepo. Ngakhale kaphazi kogula kolembedwa kuti nka kota inchi mukayese kaye, nanga singano yanu ikubaya pakati penipeni kapena yapendekera? Yesani pamakina anuwo, osati a mnzanu.

Tengani rula, yoonekera mkati ija ndiye yabwino, muyiike pansi pa kaphazi. Zungulizani gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono, musapalase chonde muthyola singano, mpaka nsonga ya singano igunde pa mzere wa kota inchi kuchokera m'mphepete mwa rula cha kumanja. Apa pali kachinsinsi: singano isakhale pakati pa mzerewo, ikhale chakumanja kwake pang'ono, ngati kunenepa kwa ulusi umodzi kapena iwiri. Azungu amati scant quarter inch, kutanthauza kota inchi yoperewera pang'ono. Chifukwa chake nchoti mukapinda nsalu posita, kupindako ndi ulusi womwe zimadyako malo, ndiye mukasoka kota inchi yeniyeni chidutswa chimatuluka chochepa. Zitenje zina ndi zokhuthala kuposa nsalu ya kotoni yopyapyala, ndiye kupindako kumadya kwambiri.

Singano ili pomwepo tsitsani kaphazi kuti rula isasunthe, onetsetsani kuti yawongoka osati yapita chammbali, kenako matani masking tepi motsata m'mphepete mwa rula. Ine ndimasanjikiza tepi kasanu kapena kasikisi kuti pakhale kakhoma koti nsalu izigunda, mzere wongoona ndi maso umanamiza ukatopa. Khadi yakale ya kubanki yomata ndi tepi imagwiranso ntchito. Muyambire kutsogolo kwa singano kubwera kwa inu, masentimita angapo, ndipo musatseke mano aja okoka nsalu. Amene muli ndi makina amagetsi osuntha singano kumanzere kumanja mwapulumuka, mumangodina. Ife a Singer ndi Butterfly zopalasa singano siisuntha, timasuntha tepi.

Tsopano mayeso, ndipo apa musadumphe. Dulani timizere titatu ta nsalu yomweyo imene mukufuna kusokera quilt, kalikonse inchi imodzi ndi hafu m'lifupi, kutalika mainchi folo akwana. Lumikizani tonse titatu m'litali, sitani, muyeze. Kapakati kayenera kukhala inchi imodzi ndendende, ndipo tonse pamodzi mainchi atatu ndi hafu. Kakachepa ndiye kuti msoko wanu ndi waukulu, sunthirani tepi kufupi ndi singano. Kakapitirira, italikitseni pang'ono. Dulani tina titatu muyambirenso. Ine tsiku loyamba ndinabwereza kanayi mpaka mwana wanga kufunsa kuti amama mukusoka chani chosatha, koma kuchokera pamenepo bloko (chigawo chimodzi cha quilt) ya timasikweya 9 ta mainchi awiri ndi hafu imatuluka mainchi sikisi ndi hafu monga patani ikunenera. Mukasintha ulusi kapena mtundu wa nsalu yesaninso, ndi mphindi faifi zokha.

Ngati rula yanu ili ya masentimita okhaokha palibe vuto, mapatani ena a ku Ulaya amagwiritsa 0.75 cm. Timizere titatu ta 4 cm tipereke 9 cm, kapakati 2.5 cm. Koma musasakanize, kudula kwa mainchi kusoka kwa masentimita, mulira.

Posoka penipeni maso anu akhale pa tepi pomwe nsalu ikugunda, osati pa singano. Singano ikudziwa ntchito yake. Pomwe ambiri timaphonya ndi kumapeto kwa msoko, nsalu ikangotsala pang'ono timaisiya ndikuyamba kutola chidutswa china, iyo ndikukhota, msoko kuthera wopyapyala. Igwireni mpaka sitichi yomaliza, zala zikayandikira singano gwiritsani kamtengo kosongoka kapena nsonga ya kosomolera. Poyambira napo makina amakonda kumeza kona, ndiye ndimayamba ndi kachigamba kotaya kenako zidutswa zenizeni zikutsatana osadula ulusi, zimatuluka ngati timbendera ta paukwati, ulusi sutha msanga komanso dzanja limazolowera muyeso umodzi. Musakoke nsalu kumbuyo ndipo musaikankhe, mano akoka okha. Sitichi ikhale ya 2 mm, yaifupi kuposa ya diresi, chifukwa nthawi zambiri sitibwerera m'mbuyo kumanga ndipo misoko ina idzadulidwa pakati. Ulusi wopyapyala, wa nambala 50 ngati mwaupeza, singano ya 80/12 yatsopano. Ulusi wokhuthala wa majinzi uja ayi.

Kusita nako kumaononga msoko wabwinobwino. Musakhwekhwereze simbi uku ndi uku ngati mukusita shati ya abambo, nsalu imatanuka. Ikani, dinikizani, nyamulani. Yambani mwadinikiza msoko uli chitsekere momwe wachokera pamakina kuti ulusi ulowe m'nsalu, kenako tsegulani, kankhirani alawansi mbali ya nsalu yakuda, muone kutsogolo kuti palibe kakhwinya kabisala pamsokopo, chifukwa kakhwinya kameneko kamaba 1 mm mwakachetechete inu nkumakasuntha tepi yosalakwa. A simbi ya makala pukutani pansi pake kaye, phulusa pa nsalu yoyera silituluka bwino.

Zitenje muzichape musanadule, zina zimafupika zina zimasuluka, ndipo musite zisanafike pa sizasi. Mukadula mokhota palibe tepi ingakuthandizeni. Bloko yoyamba mukamaliza iyezeni musanasoke yachiwiri, ikaperewera somolani pomwepo, kusomola misoko sikisi kulibwino kusiyana ndi mizere eyiti ndinasomola ine ija, usiku ndi tochi ya foni magetsi atazima.