Fibrous dysplasia: momwe mungasamalire fupa lofooka pakhomo

Mwana akathyoka ntchafu chifukwa chongophunthwa pabwalo, kenako chaka chamawa wathyokanso pomwepo, kwathu kuno nkhani sichedwa kuthamangira kwa agogo ena ake oti akumulodza. Koma pena amakhala matenda osowa otchedwa fibrous dysplasia, dzina lomwe dokotala wa ku America Louis Lichtenstein anapereka mu 1938. Chimachitika nchoti mbali ina ya fupa, mmalo moti ikhwime, mkati mumadzadza minofu yaulusiulusi yosakanikirana ndi fupa losalimba, nde limakhala ngati nsanamira yoti kunja ikuoneka bwinobwino pomwe mkati chiswe chinadya kale. Gwero lake ndi jini (kachidutswa ka malangizo a momwe thupi limapangikira) yotchedwa GNAS imene imasokonekera mwana akungoyamba kupangika m'mimba. Sachokera kwa bambo kapena mayi, sapatsirana, ndipo wodwalayo sangapatsire ana ake. Ambiri limakhala fupa limodzi lokha, ena angapo, ndipo amakonda ntchafu, msongolo, nthiti, chigaza ndi nsagwada.

Ndinenetu poyambirira kuti palibe tsamba, muzu, ufa kapena zakumwa za m'mabotolo zija amatsatsa pa WhatsApp zomwe zingabweze fupalo mwakale, olo kuchipatala komwe mankhwala ochiziratu kulibe. Za pakhomo zili ndi ntchito ziwiri basi, kuteteza fupa lisathyoke ndi kuchepetsa ululu.

1. Kaye mudziwe fupa lake ndi liti

Musanayambe chilichonse kajambulitseni. Pazipatala za maboma pamakhala ma clinical officer a mafupa, iwowa akaona ekisireyi atha kukutumizani ku Queens, ku Kamuzu Central komwe kuli chipatala cha mafupa cha LION, kapena ngati ndi mwana ku Beit CURE ku Blantyre. Funsani adokotala mwachindunji kuti fupa lomwe lakhudzidwa ndi liti komanso likhoza kusenza katundu wochuluka bwanji, chifukwa wa nthiti ndi wa ntchafu malangizo awo ndi osiyana kutalitali. Zithunzi zonse za ekisireyi muzizijambula pafoni ndikusunga limodzi ndi kabuku ka kuchipatala, matendawa amawaona pofananitsa chithunzi cha chaka chino ndi cha kale.

Pemphaninso ayeze magazi, makamaka vitamini D, kashiamu ndi fosifeti (michere iwiri yomwe imalimbitsa mafupa). Fosifetiyu ambiri amamuiwala koma ndi wofunika heve, fupa lodwalalo limatulutsa homoni yotchedwa FGF23 yomwe imapangitsa impso kutaya fosifeti mu mkodzo, nde munthu amangomva kuphwanya ndi kuthyokathyoka olo akudya bwino. Zimenezo ndi za mankhwala olembedwa ndi adokotala, ndiwo sizingakonze.

2. Konzani mbale

Kashiamu sachiza malo odwalawo, koma mafupa ena onse amene akusenza thupi akufunika akhale olimba. Wamkulu amafunika pafupifupi mamiligalamu 1,000 patsiku, wachinyamata amene akukula 1,300. Kapu ya mkaka imakupatsani 300 kapena kuchepera pang'ono, chambiko chimodzimodzi. Koma mkaka tsiku ndi tsiku ndi angati angakwanitse masiku ano? Apa mpomwe usipa, bonya, matemba ndi kapenta zimawinira, chifukwa timadya ndi minga yomwe ndipo kashiamu ali mu mingamo, nde musamachotse mitu ndi minga yonse ngati mukukonzera mlendo wa ku town, wamng'ono musinjireni bonya muzithira m'phala. Mawere ali ndi kashiamu wambiri kuposa chimanga kutali, phala lake kapena thobwa la mawere ndi labwino. Onjezani mpiru, chayinizi, bonongwe, nkhwani, cham'mwamba, chitowe, soya, nyemba ndi mazira.

Vitamini D ndi wa padzuwa, ndipo amene amalima kapena kugulitsa pamsika amamupeza mosavuta. Vuto limakhala kwa mwana yemwe makolo akumusunga m'nyumba poopa kuti athyoka, kapena abale athu ali ku UK komwe nyengo yozizira dzuwa lake silithandiza ndipo khungu lakuda limachedwa kupanga vitaminiyu. Muzimutulutsa aziothera dzuwa manja ndi miyendo zili pamtunda. Mapiritsi a kashiamu musamangomwa mwachisawawa, akachuluka amabweretsa timiyala mu impso.

Fodya musiye, mowa muchepetse, ndipo ngati vuto lili m'mwendo yang'anirani sikelo.

3. Limbitsani minofu, osati kungogona

Apa mpomwe mabanja ambiri amalakwitsa mwachikondi. Amamuletsa mwana chilichonse, osathamanga, osapita kusukulu, angokhala pamkeka, mapeto ake minofu imafota, mafupa abwino aja nawo amayamba kufooka ndipo akadzangoterereka amagwa moipa kuposa kale. Pitani ku mafizo akakuphunzitseni zolimbitsa minofu ya m'chiuno, ya ntchafu ndi ya msana, akakuonetsani kawiri katatu muzikapanga nokha kunyumba tsiku lililonse, olo mphindi 15. Kuyenda pamalo osalala, kupalasa njinga mosathamanga ndi kusambira ndi zomwe zimakomera fupa lotere chifukwa sizilimenya. Kusambirako ngati ndi kunyanja kapena kudambo kumbukirani likodzo.

Zoyenera kusiya ngati fupa lodwala lili m'mwendo, m'chiuno kapena kumsana: mpira wolimbana, fulaye yodumphadumpha, kukwera mitengo ya mango, kusenza ndowa ya malita 20 pamutu, thumba la chimanga, ndi kukwera kabaza wa njinga yamoto wothamanga m'misewu yathu ya maenjeyi. Ana amathyoka kwambiri pakati pa zaka 6 ndi 10, nthawi imeneyo muwauze aphunzitsi adziwe kuti asamupatse chibalo cholemetsa. Akamakula kuthyokako kumachepa kwa ambiri.

Mwendo wina ukafupika musalekerere azingotsimphina, zimapinditsa msana. A mafizo amayeza kusiyanako ndikuwonjezera soli ya nsapato. Ndodo yoyendera si manyazi, ndipo muziigwirira dzanja la mbali yomwe ili bwino. Kubafa ndi pakhonde nthawi ya mvula muzichotsa ndere.

4. Ululu ukabwera

Kuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda kwa mphindi 15 kapena 20 kumathandiza ndithu, makamaka m'mwezi wa June ndi July. Kusisita kuli bwino bola pa minofu yozungulira komanso mofatsa, osati kukanikiza pafupa penipenipo, ndipo amene amati awongola fupa pokoka kapena kulizitsa msana ameneyo muthaweni. Mphini nazonso ayi, vuto lili mkati mwa fupa, lezala angokubweretserani chilonda.

Panado ndi woyambira, wamkulu asapyole magalamu 4 patsiku. Bufeni ndi indosidi amagwira koma osamwa m'mimba muli pululu, ndipo wa zilonda za m'mimba, wa impso kapena woyembekezera afunse kaye. Chenjerani ndi timapiritsi tosalemba dzina ta pamsika ta nyamakazi tija, tina timakhala ndi ma steroid, ululu umatha mwachangu eya koma akamwedwa nthawi yaitali amafooketsa mafupa omwewo. Ululu ukakana zonsezi kuchipatala kuli mankhwala a mu dripi monga pamidronate ndi zoledronate omwe amachepetsa kupweteka kwa ena, ngakhale saletsa matendawo kukula, ndipo asanakupatseni amafuna vitamini D akhale wokwanira komanso mano akhale atakonzedwa. Ngati mukumwa zitsamba zilizonse auzeni adokotala, musabise.

Tulo ndi mtima nazo zimawerengedwa. Wachinyamata yemwe nkhope yatupa mbali imodzi amasekedwa kusukulu, muzicheza naye, ndipo achibale muwafotokozere msanga nkhani ya jini ija asanayambe kulozana zala.

5. Izi zikachitika siyani za pakhomo

Ululu watsopano wadzidzidzi kapena kulephera kuponda, mutengeni ngati wathyoka, mangirirani mwendo kukathabwa ndikunyamuka, osadikira kuti tione mawa. Chimodzimodzi chotupa chomwe chikukula mwachangu kapena kupweteka kosagonetsa usiku, chifukwa olo kusanduka khansa kumachitika kwa anthu osakwana 1 pa 100 alionse, kumafunika kugwidwa msanga. Amene ali nawo m'chigaza aziyezetsa maso ndi makutu chaka ndi chaka, diso likayamba kuona mwachimbuuzi pitani tsiku lomwelo.

Mwana akakhala ndi zigamba zikuluzikulu zoderako pakhungu zobadwa nazo, kapena mtsikana wayamba kumera mawere olo kutaya magazi ngati akusamba asanafike zaka 8, kapena akuonda, thukuta thoo mtima ukuthamanga, muwauze adokotala a ana. Ikhoza kukhala McCune-Albright syndrome, pomwe matenda a mafupawa amabwera limodzi ndi vuto la mahomoni ndi chithokomiro, ndipo mahomoniwo akapanda kuthandizidwa mafupa amaonongeka mwachangu.